Mzere wa Malata a Kumudzi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Magwegwe, lokeshoni ya mumzinda wa Bulawayo, pakati pa khoma la khitchini ndi mpanda wa aneba, panali mulu wa malata. Ine ndinakula ndikuwaona ali pomwepo. Anawasanja pa njerwa kuti asakhudze dothi, n'kuwafunditsa lona, pamwamba pa lonayo n'kutsindikapo matayala akutha. Chaka chilichonse kukayamba kutentha, mvula ili pafupi, bambo ankavula shati n'kutsala ndi vesiti, kuwatsitsa limodzilimodzi, kuwapukuta, kuwapaka oyilo wakuda wopempha kwa anzawo okonza galimoto, kenako n'kuwabwezera mmene analili. Pakhomo pathu malatawo anali ndi dzina lawo. Anali malata a kumudzi.

Bambo anachoka ku Dedza ndevu zisanamere bwinobwino, n'kudzapeza ntchito yowotcherera zitsulo m'fakitale ina ku Kelvin, dera la mafakitale la mumzinda uno. Malatawo anawagula ndi bonasi yawo yoyamba yooneka, kuti akafolere nyumba ya amayi awo, imene inali yaudzu ndipo inkadontha. Koma kutumiza malata ku Malawi si kutumiza moni. Chaka china galimoto yodalirika inasowa, chaka china kunabadwa achimwene anga, china ine, kenako fizi inayamba kudya zonse. Agogo anamwalira akugonabe m'nyumba yaudzu ija. Bambo atabwerako kumaliro sanalankhule zambiri. Anangosintha nkhani, kuti malata aja tsopano ndi a nyumba imene iwo ndi amayi athu akapumiremo akadzasiya ntchito. Fakitale inatsekedwa, ntchito inawasiya iwo asanaisiye, koma mawu anali omwe aja: "Ife kuno ndife alendo. Chaka chamawa tikupita."

Ana a alendowo tinabadwira konkuno, pamsewu tikulankhula Chindebele, kusukulu Chingelezi, Chichewa n'kumachisungira makolo ndi kutchalitchi. Mawu akuti mtchona bambo sankafuna kuwamva n'komwe. Ankati mtchona ndi munthu amene sanakonzekere kalikonse, pamene iwo ali ndi malata. Amayi anapemphapo awiri okha kuti afolere khola la nkhuku, bambo anawayang'ana ngati apempha impso. Nkhuku zija zinakulira pansi pa mapepala apulasitiki, ndipo sindinamvepo zikudandaula.

Ine tsopano ndimakhala ku Nkulumane, lokeshoni ina ya mumzinda womwewu, ndi ana anga, ndipo ndimagwira ntchito ku Kelvin komwe kuja, pakampani yaing'ono yopanga mageti ndi mafelemu a zitseko ndi mawindo. Chitsulo sindichigwira ayi. Ntchito yanga ndi kuwerengera kuti zipangizo za ntchito iliyonse zidya ndalama zingati, tisanamuuze kasitomala mtengo. Khasu langa ndi sipuredishiti, tsamba la pakompyuta logawidwa timabokosi. Chinthu chilichonse chimakhala ndi mzere wake wopingasa, wokhala ndi dzina lake, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Ogulitsa akakweza mitengo, zimene kuno zimachitika kawirikawiri kuposa kutuluka kwa madzi kumpopi, sindifufuta mtengo wakale. Ndimawonjezera mzere wina wotsika chakumanja, umene timati kolamu, pamwamba pake n'kulemba peresenti imene akweza. Kenako ndimauza bokosi loyamba kuti litenge mtengo wa mnzake wakumanzere, liwonjezerepo peresenti imeneyo ya mtengo womwewo. Ndikagwira kangodya ka bokosilo n'kukokera pansi, mizere yonse imasintha usanaphethire. Ndisaname, ntchitoyi ndimaikonda. Mitengo sindingailetse kukwera, koma ndimaiona ikubwera, ndipo zimenezi zimandipatsa kamtima pang'ono.

M'mwezi wa Juni amayi anagwa. Chimbudzi cha nyumba yathu n'cholowera panja, ndipo kuti ukafike umadutsa pampopi pamene pamakhala ponyowa. Mawondo anali atayamba kale kuwavuta. M'mawa wina, kuzizira kwa Bulawayo kuja kolowa m'mafupa kuli pachimake, anaterereka n'kukhala pansi, n'kulephera kudzuka mpaka bambo anamva kuitana. Fupa silinathyoke, koma bondo linatupa ngati dzungu. Nesi wakukiliniki ananena mosapita m'mbali kuti akadzagwanso sizidzathera pa kutupa.

Lamlungu lotsatira tinakhala pansi, achimwene ali pafoni kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito. Tinagwirizana kumanga chipinda chimodzi m'mbali mwa nyumba, chokhala ndi chimbudzi ndi bafa mkati momwemo. Chinayenera kutha mvula isanayambe, chifukwa ikagwa, kanjira kopita kuchimbudzi kaja kamasanduka matope okhaokha. Achimwene azitumiza mwezi ndi mwezi, ine ndiziikapo zanga. Ndinkayembekeza kuti bambo akana, poti alendo samanga pamudzi pa eni. Anavomera, koma anaikapo lamulo limodzi.

"Sitigula ngakhale msomali umodzi mpaka ndalama yonse itakwana," anatero. "Ndaziona nyumba za anthu m'lokeshoni muno. Zinaima pawindo, zaka ndi zaka, udzu ukumera mkati. Pakhomo panga sipakhala chitonzo chimenecho. Ayikhona."

Ayikhona ameneyo anamutola kufakitale, m'chinenero chosakaniza chija chimene ankalankhulana ndi akapitawo, ndipo akamutchula ndiye kuti nkhani yatha.

Mmisiri womanga, bambo wina wachindebele wa mumsewu mwathu momwemo, anabwera kudzayeza malo n'kundiuza zofunika. Ine ndinatsegula sipuredishiti yatsopano n'kuitchula kuti Chipinda cha Amayi. Ndinalembamo njerwa, simenti, mchenga, miyala, matabwa a denga, malata, misomali, mapaipi, ndi mpando wa chimbudzi chamadzi, woyera mbee uja. Pansi penipeni panali bokosi la zonse pamodzi, ndipo pansi pa limenelo bokosi la ndalama imene tasonkha. Tinkangofuna kuti mabokosi awiriwo adzafanane.

Chimene sindinaganizire n'chakuti ndadzipezera woyendera ntchito. Bambo anayamba kubwera ku Kelvin kudzaona tsambalo ndi maso awo, ngakhale ndinawauza kuti laputopu ndizibwera nayo kunyumba. Ankavala jekete, tayi ndi chipewa, n'kukwera minibasi imene kuno timati kombi, n'kufika nthawi ya nkhomaliro fumbi lili mbuu m'nsapato. Abwana anga, mayi wachindebele wansangala, ankawathamangira ndi mpando, akuwalonjera m'Chindebele.

"Salibonani, khulu! Mwabwera kudzatiyendera?"

"Yebo, mama. Ndabwera kudzaona ngati mwanayu sakutinamiza."

Asanakhale pansi ankayamba adutsa kwa anyamata owotcherera, manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana msoko uliwonse akupukusa mutu. Kenako ankabwera kudesiki kwanga, n'kuvala magalasi, n'kuloza kompyuta ndi chala chokhakhala chija. "Faka lapa, ika apa tione."

Simenti ndiyo inayamba kukwera, ndi teni peresenti. Ndinawonjezera kolamu, bambo akuonerera, n'kukokera pansi. Anasangalala ngati mwana woonerera matsenga, n'kundiuza kuti ndibwereze. Patapita masabata angapo inakweranso ndi teni, malata ndi matabwa nazo zinatsatira, chilichonse ndi peresenti yake. Pofika Sepitembala simenti inali itakwera kachitatu, teni yemweyo, ndipo apa m'pamene tinakangana.

"Teni, teni, teni," anatero bambo akupinda zala. "Ndi sate imeneyo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma teni katatu ndi sate, ngakhale ku Dedza. Thumba la madola teni likhale pa satini. Nanga makina akowa akulemba chiyani apa?"

Makinawo anali atalemba 13.31. Ndinawaonetsa bokosi ndi bokosi. Madola 10 anakhala 11. Kukwera kwachiwiri sikunabwerere pa 10, kunakwera pa 11, n'kukhala 12.10. Kwachitatu kunakwera pa 12.10. Ndinafotokoza modekha, kenako mokweza mawu, kenako m'Chindebele, poti Chichewa changa chikapsa mtima chimathawa.

"Masenti sate-wani amenewa achokera kuti?" anafunsabe. "Ndani anawakweza? Anditchulire dzina lake. Makina akowa ndi akuba."

"Baba, masenti amenewo ndi a thumba limodzi. Muwachulukitse ndi matumba onse, kenako muone kuti mizere inayi nayo ikuchita zomwezo."

Anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kunena kuti nkhaniyi akaiganizira kunyumba.

Amene anaimaliza ndi amayi. Iwo anagulitsapo tomato ndi masamba pafupi ndi mashopu zaka zambiri, ndipo Lamlungu, bambo akuwafotokozera za umbava wa kompyuta, anangomvetsera mwendo uli pampando.

"Inu abambo," anatero, "ine ndikamakweza tomato, ndinkakweza pa mtengo wa dzulo kapena wa chaka chatha?"

"Wa dzulo."

"Basitu. Wokweza sabwerera kukafunsa mtengo wa dzana. Amakwera pamsana pa mnzake amene wamupeza."

Bambo anati, "Ndiye kuti nawenso unali wakuba."

Tinaseka mpaka amayi anagwira bondo. Kuyambira tsiku limenelo bambo anatembenuka mtima kuposa mmene ndinkafunira. Anakhala mlaliki wa nkhaniyi. Ankaimitsa amuna anzawo potuluka m'tchalitchi n'kuwafunsa kuti teni katatu ndi zingati, ndipo wina akati sate, ankamumvera chisoni poyera.

Tsiku lina anafika ku Kelvin akumwetulira. Sitolo ina ya zomangira, imene inali itakweza matabwa ndi teni peresenti, inalengeza kuti yatsitsa ndi teni peresenti kwa masiku ochepa.

"Zabwerera pakale," anatero. "Fufuta kolamu ija."

Sindinafufute. Ndinawonjezera ina, ya kutsika, n'kuwaonetsa kuti chinthu cha madola 100 chikakwera kufika 110, n'kutsika ndi teni peresenti, chimafika pa 99, chifukwa kutsikako nakonso kumayambira pamene kwapeza. Anayang'anitsitsa, nkhope n'kuwala.

"Dola imodzi yathu! Kani makinawa nthawi zina amanena zoona."

"Ndiye tikagule matabwawo lero, baba, asanakwezenso."

"Ayikhona. Ndalama sinakwane."

Apa ndinapsa mtima zenizeni. Masiku aja anatha, matabwa anabwerera pamtengo wokwera, patapita sabata n'kukweranso. Ndalama imene tinali titasonkha pofika nthawi imeneyo ikanakwana chipinda chonse pa mitengo ya mu Juni. Koma Juni anali atapita. Ndalama yathu inkayenda wapansi, mitengo itakwera kombi. Achimwene ankaimba foni madzulo aliwonse a Lachisanu, kufunsa kuti ndalama ikwana liti.

"Sisi, kanti imali ikwana nini? Ine ndikutumiza every month phela. Ndikumanga chipinda kapena hotela?"

Amayi nawo anali atatopa. "Papsa tonola, abambo," anawauza tsiku lina, "sudziwa mtima wa moto."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha bambo.

"Nkhonoyo ili ndi mawondo?"

Amayi a kutchalitchi kwathu ali ndi chipereganyu chawo, ndipo mwezi umenewo inali nthawi ya amayi kulandira. Sanafunse munthu. Anatuma mmisiri uja kutauni, ndipo madzulo ake mpando wa chimbudzi unafika pakhomo pa wilibala, aneba onse akuona. Amayi analamula kuti uikidwe pabalaza, pambali penipeni pa mpando wa bambo. Anauyalira kansalu koluka kaja kamene amayala pa wailesi, n'kuikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki.

"Lamulo lanu ndi la ndalama ya ana," anatero. "Iyi ndi yanga."

Bambo anati uchotsedwe. Amayi anati auchotse okha n'kukauika m'chipinda chake. Unakhala pomwepo. Alendo ankalowa, n'kupereka moni, maso n'kugwera pa chinthucho, kenako n'kuyang'ana kudenga. Mkulu wa mpingo wina, wosaona bwino, anatsala pang'ono kukhalapo. Bambo ankamwa tiyi atatembenukira kukhoma, koma ndinawapezapo tsiku lina ataikapo kapu, poti panali pafupi.

Pa sipuredishiti, chinthu chikagulidwa ndimalemba mtengo umene talipira m'makolamu onse otsatira, n'kupaka mzerewo utoto wobiriwira. Mapaipi ndi zina zam'bafa zitakweranso, bambo anabwera ku Kelvin monga mwa masiku onse. Ndinawonjezera kolamu, n'kukokera pansi, manambala n'kudumpha. Chala chawo chinatsika ndi tsambalo n'kuima pa mzere wobiriwira.

"Uwu bwanji sunasunthe?"

"Ndi mpando wa amayi uja. Unagulidwa kale. Chimene chili m'nyumba kale sangachikweze."

Anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali, kenako anapempha madzi akumwa.

Sabata yomweyo mmisiri anabweranso kudzaona kumene mapaipi adzalumikizidwe. Ine ndinalipo. Anazungulira kuseri kwa khitchini, bambo ndi ine tikumutsatira, amayi akubwera pambuyo ndi ndodo. Atafika pamulu uja anakweza lona, n'kugogoda lata lapamwamba ndi chala, n'kuimba mluzu.

"Hawu, baba! Amazenge la ngakabani?" Ankafunsa kuti malatawo ndi a ndani. Anapitiriza kunena kuti malata okhuthala chonchi masiku ano sapezeka, kuti akwana denga lonse n'kutsalako, ndiye tikuvutikiranji kufunsa mitengo m'masitolo?

Ine ndinayang'ana pansi. Amayi anayamba kuchotsa masamba ouma pa mpiru wawo. Munthu wosalakwayo anali atanena mawu amene pakhomo pathu palibe anawatchulapo chibadwire changa.

"Amenewo ndi a kumudzi," anatero bambo motsitsa mawu, n'kubwezera lona ndi manja awo, n'kuikapo tayala.

Ine ndinali nditaona kale chimene mmisiriyo anaona. Kusiyana kwa mabokosi awiri apansi aja, la zofunika ndi la zimene tasonkha, kunali pafupifupi kofanana ndi mtengo wa mzere umodzi, wa malata. Ndinkauona tsiku ndi tsiku, ndipo pakamwa panga sipankatseguka. Ndinali nditazindikira kuti lamulo la bambo silinali la kuopa nyumba yoima pawindo. Ndalama ikapanda kukwana, chipinda sichimangidwa, ndipo munthu amene sanamange akadali mlendo amene chaka chamawa akupita. Sankachita dala, ndikukhulupirira. Amayi ankawakonda, ndipo chigwere chija ankawaperekeza kuchimbudzi m'mawa uliwonse atawagwira mkono, n'kudikira panja ngati mlonda. Koma ndinkawamvera chisoni ndi kuwakwiyira nthawi imodzi, ndipo kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana.

Chimene ndinachita n'chimene ndimachitira makasitomala ozengereza. Ndinawonjezera makolamu atatu a miyezi imene sinafike, n'kuikamo kukwera kongoyerekeza, kofanana ndi kumene tinali titaona. Pansi pake ndinaika ndalama imene tikanakhala titasonkha mwezi uliwonse. Ndinasindikiza pepalalo n'kukawapatsa bambo. Linkaonetsa poyera kuti tikapitiriza kudikira, mabokosi awiri aja sadzakumana. Bambo analipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita ku Magwegwe ndi laputopu yanga. Ndili pageti ndinamva phokoso lodziwika lija, la lata likukhulana ndi linzake. Ndinadziwa kuti ndi tsiku la oyilo, ndipo mtima unandiwawa, kuti chaka chinanso chapita. Nditazungulira kuseri ndinapeza bambo ali m'vesiti, malata atawayala pabwalo lonse mpaka pa mpiru wa amayi. Chitini cha oyilo chinali pambali, chosatsegula. M'manja anali ndi tepi yoyezera, pensulo ili kukhutu.

"Wabwera ndi makina ako?"

"Eya, baba."

"Tsegula."

Ndinakhala pa njerwa zimene zinkanyamula malata zija, laputopu ili pamiyendo. Amayi anali pakhomo la khitchini akusadzula masamba, ndipo sanadzutse mutu. Bambo anaima kumbuyo kwanga, fungo la thukuta ndi chitsulo lili guu, n'kutsitsa chala mpaka pa mzere wa malata.

"Apa. Poyambirira penipeni. Lemba ziro."

"Baba?"

"Sunamve? Faka ziro."

Ndinalemba. Bokosi lililonse la mumzerewo limatenga mtengo kwa mnzake wakumanzere, ndiye ziro uja anathamanga mzere wonse, kudutsa kukwera kwa Ogasiti, kwa Sepitembala, kwa Okutobala, mpaka m'miyezi yongoyerekeza ija. Ponseponse ziro. Pansi pa tsamba, nambala ya m'bokosi la zofunika inatsika n'kuchepa kuposa ndalama yathu, kwa nthawi yoyamba chiyambire.

Bambo anawerama, n'kuyang'anitsitsa, kenako anaseka kuseka kwawo kwa m'mimba kuja.

"Teni peresenti ya ziro ndi zingati?"

"Ziro, baba."

"Nanga akakweza kachiwiri pamsana pa koyamba?"

"Ziro yemweyo."

"Akweze tsopano tione! Upake utoto uja."

Ndinapaka mzerewo wobiriwira, koma maso anga anali atadzaza misozi moti ndinapaka ndi wa misomali womwe. Ndinafunsa ngati atsimikiza, nanga nyumba ya kumudzi ija? Bambo anakhala pansi pa tayala, n'kuchotsa pensulo kukhutu, n'kumaitembenuza m'manja.

"Ndinawagulira mayi anga kuti asanyowe," anatero. "Ndinachedwa. Mchimwene wanga anapita, mlongo wanga anapita. Amene atsala kumeneko amandidziwira pafoni." Analoza kukhitchini ndi mutu. "Watsala ndi uyu wa mawondoyu. Ndisachedwenso kachiwiri."

Amayi anapitiriza kusadzula masamba. Patapita kanthawi anati, osayang'ana aliyense, "Akatsalako awiri, nkhuku zanga zikudikirabe."

"Ayikhona," anatero bambo, koma ayikhona wake anali wofewa ngati nthochi yakupsa, ndipo tonse tinamva kuti nkhuku zawina.

Lolemba m'mawa ndinapempha abwana kuti ndichoke pang'ono, ndipo ine ndi bambo tinazungulira masitolo a zomangira. Munthu amene ankakana msomali umodzi uja tsopano ankafuna zonse tsiku lomwelo. Ankauza ogulitsa kuti afulumire kulemba lisiti asanaganize zokweza, ndipo anafika pofunsa mnyamata wina wapakauntala kuti teni katatu ndi zingati. Madzulo mizere yonse inali yobiriwira, kupatula mchenga umene unachedwa kubwera n'kukwera pang'ono. Bambo mpaka lero amautchula mchengawo ngati munthu amene anawalakwira.

Mafelemu bambo anawotcherera okha kuntchito kwathu, abwana atawabwereka makina, anyamata aja atawazungulira kuonerera. Khoma linadutsa pawindo osaima. Oyilo wa zaka zonse zija tinachita kumutsuka ndi sopo wa ufa ndi madzi otentha, ine ndi ana anga, ndipo pansi pake malata anatuluka owala ngati agulidwa dzulo. Tsiku lokhoma denga bambo anakhala pampando pabwalo, chipewa chili pamawondo, akuwerenga lata lililonse likamakwera. Mmisiri akamenya msomali, iwo ankatsinzina pang'ono. Mpando woyera uja unachoka pabalaza n'kupita kwawo, ndipo bambo anadandaula kuti asowa poika kapu.

Mvula yoyamba inagwa masana a Lamlungu, titangobwera kutchalitchi. Nyumba yathu yakale ndi ya denga la asibesito, limene mvula ikagwa limangonong'ona. Tili pabalaza tinamva phokoso lachilendo kuchokera m'mbali, poyamba ngati wina akuwaza chimanga, kenako chiwawa chenicheni. Amayi anadzuka ndi ndodo yawo, n'kulowa m'chipinda chawo chatsopano, n'kupita kuchimbudzi mapazi ali ouma, n'kubwerako akuseka okha. Kunja kanjira kaja kanali kale matope.

Bambo sanaoneke pabalaza. Ndinawapeza m'chipindamo atakhala m'mphepete mwa bedi, tayi akadali m'khosi, nkhope itayang'ana kumwamba. Siling'i tinali tisanaike, ndiye malata ankaoneka onse, ndipo phokoso linali loti munthu sungamve mnzako. Ndinawauza mokuwa kuti tikapeza ndalama tiika siling'i kuti phokosoli lichepe, ndipo ndayamba kale kufunsa mitengo.

Anandikodola kuti ndiyandikire, n'kundikuwira m'khutu.

"Usaike mzere umenewo. Zaka zonsezi ndinkafuna kumva mmene amalirira."

Ndinakhala pambali pawo, ndipo tinamvetsera limodzi mpaka mvula inakata.